Dzanja Kumbuyo kwa Kalasi

"Ndikufunsani kachiwiri, bambo a Dona. Chimenechi n'chiyani?"

Mayi a Dona anali atasiya makina osokera pakhonde, nsalu ili lende pa singano. M'manja mwawo munali chingwe chakuda ndi thukuta, ndipo kumapeto kwake kunkalendewera fupa la nsagwada ya mbuzi, mano atatu akadali pomwepo. Analipeza m'khosi mwa Wailesi, mwana wa mkulu wawo, pomwe ankamuyesa yunifolomu yatsopano.

Amuna awo, amene ankaphunzitsa Chingelezi m'kalasi yachisanu pa sukulu ya m'mudzimo, sanadzutse mutu. Anali patebulo akudula katoni ya sopo m'zidutswa n'kumajambulapo zithunzi: nkhuku, mpando, ambulera.

"Ndi masewera," anatero.

"Masewera a afiti?"

"A m'kalasi. M'bwezereni mwanayo, mawa afike nalo. Likasowa, mlandu ukhala wake."

"Ndifotokozereni bwino. Ine sukulu ndinalekera panjira, mwina n'chifukwa chake sindikuona poseketsa."

Aphunzitsi anaika sizasi pansi n'kupumira m'mwamba, ngati mmene ankachitira ndi mwana wosamva msanga.

"Ndimakweza chithunzi, n'kuponya mpira. Amene wawakha atchule dzina la chinthucho m'Chingelezi anzake asanawerenge kufika pa faifi. Akatchula, aponyera wina. Lachitatu ndimabisa mawu pansi pa miyala panja, iwo n'kumafunafuna. Lachisanu wina amayerekeza chinthu ndi manja, anzake n'kumalota. Ana amaseka, amalimbirana, safuna n'kuweruka komwe. Teremu ino yokha agwira mawu oposa mazana awiri. M'funseni Dona."

"Za mpira ndamva, ndipo n'zabwino. Ine ndikufunsa fupa."

"Fupa ndi la amene waphonya n'kutulutsa chilankhulo cha kunyumba. M'kalasi mwanga, kuyambira belu la m'mawa mpaka lowerukira, timalankhula Chingelezi basi. Wolankhula chathuchi avala fupa. Akamva mnzake naye waphonya, amuveka iyeyo. Amene laweruka lili m'khosi mwake amaima kutsogolo, anzake n'kumulirira ngati mbuzi, mawa lake atsuka zimbudzi. Palibe amene ndimam'menya. Chikwapu ndinachitaya kalekale, mukudziwa."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye mwanayu watsuka zimbudzi kangati?"

Aphunzitsi anatolanso sizasi ija. Mayiwo anatembenukira kwa mwana wawo, amene anakhala pakhomo akupukuta nsapato. Anam'tcha Dona ali wamng'ono chifukwa chodana ndi fumbi. Iye ndi Wailesi anali a zaka khumi ndi chimodzi onse, kalasi imodzi, chipinda chimodzi.

"Iwe, kangati?"

"Masiku naini, amayi," Dona anayankha chapansipansi. "Sapatsa munthu. Anzathu amachita kulankhula dala pafupi naye, akudziwa kuti sanena."

"Nanga anamuveka poyamba ndani?"

Dona anapitiriza kupukuta nsapato yowala kale.

Wailesi nthawi yonseyi anali chiimire pakona, yunifolomu yosamaliza ili m'thupi, mapini ali m'mapewa. Atangofika kuchokera kutauni kumayambiriro kwa chaka, pakamwa pake sipankatsekeka. Ankayerekeza owerenga nkhani, oitanira mabasi, ngakhale katsokomoledwe ka ahedi, mpaka oyandikana nawo anam'patsa dzina limenelo. Tsopano ankangoyang'ana simenti.

"Mwanayu tinam'tcha Wailesi chifukwa cha pakamwa," mayi a Dona anatero. "Mwamva liti mawu ake m'nyumba muno? Ine ndimayesa akudwala, ndam'mwetsa mankhwala a njoka zam'mimba sabata yatha, kani matenda ake ndi inu."

"Kuwongola mtengo m'poyamba. Amake anam'tumiza kuno kudzatani? Si anati mwana adziwe Chingelezi, asadzachape zovala za anthu ngati iwo? Ine amene ndinavala chigoba cha nkhono m'khosi zaka ziwiri ndili pa sukulu. Sindinafe. Ndine pano ndikuphunzitsa."

"N'chifukwa chake mpaka lero mukamalankhula ndi akuluakulu mumagwira pakhosi?"

Aphunzitsi anatsitsa dzanja msanga. Linali pakhosi.

"Mverani, mayi a Dona. Pakutha pa masabata awiri kukubwera alendo a ku ofesi ya maphunziro kudzaonera kalasi yanga. Pa masukulu onse a dera lino asankha ine. Ndikachotsa fupa lero, mawa lomwe kalasi ikhala msika. Alendo akapita tidzakambirana."

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"N'chifukwa chake sindimukondera. Akanakhala Dona, akanavalanso."

Mayiwo anatuluka nalo fupa lija, nakaliponya m'chimbudzi cha kuseri.

Mawa lake Wailesi anaweruka ali ndi lina. Linali la ng'ombe, lolemera, lobooledwa ndi msomali, ndipo chingwe chinali chitayamba kale kum'supula kuseri kwa khosi. Mayi a Dona anam'khazika pafupi ndi makina, nasokera kansalu kofewa pa chingwecho. Dona anali kumjigo, amuna awo asanafike.

"Bwanji osam'patsa wina, mwana wanga? Si wamva lamulo lake?"

Wailesi anapukusa mutu.

"Ndikam'patsa wina, amulirira ngati mbuzi. Ine ndazolowera, mayi aang'ono. Tsiku loyamba ndi limene limawawa."

"Nanga mawu a Chingeleziwo sukuwagwira?"

"Ndimawadziwa. Kuno kunyumba ndimawadziwa onse." Analoza zinthu zapakhonde chimodzichimodzi, mpando, chitseko, singano, ndowa, n'kumatchula mayina ake m'Chingelezi osaphonya. "Koma mpira ukangofika m'manja, akayamba kuwerenga, amathawa. M'mutu mumangoti zii. Ndikatsegula pakamwa pamatuluka chathuchi, ndiye bola kutseka."

"Ndiwaimbira amako."

"Ayi, musawauze. Amauza anzawo kuti ndikaweruka Disembala ndikawawerengera makalata a abwana awo."

Lolemba mayi a Dona anavala nsapato napita kwa ahedi. Anawapeza akuyang'anira ana amene ankapaka laimu pa miyala ya m'mbali mwa njira. Ahedi anamvetsera akugwedeza mutu, manja ali kumbuyo.

"Mayi, ndakumvani. Koma kalasi ya amuna anu ndiyo nkhope ya sukulu ino. Walira mvula walira matope. Makolo amafuna ana olankhula Chingelezi, ndiye kamatope pang'ono asadandaule nako. Ndipo kunena zoona, nkhani ya m'nyumba mwanu kuibweretsa ku ofesi sizioneka bwino. Mukufuna anthu aziti chiyani za amuna anu?"

Anabwerera dzuwa likuswa mtengo, nakhala pamakina osapalasa.

Dzulo lake la alendo, aphunzitsi anakonza kalasi. Madesiki abwino anawandandalika kutsogolo, nakhazikapo ana akuthwa, Dona pakati. Madesiki othyoka, amene anakhala chaka chonse m'kachipinda kosungiramo katundu, ahedi analamula kuti achotsedwe chifukwa alendo akalowamo kukaona mabuku. Ana anawatuta n'kuwaunjika kumbuyo kwa kalasi yachisanu, nawaphimba ndi chinsalu. Ana ofooka anauzidwa kukhala pansi, kutsogolo kwa muluwo.

"Mawa palibe wolankhula asanakweze dzanja n'kulozedwa," aphunzitsi anatero m'Chingelezi, pang'onopang'ono kuti aliyense amve. "Amene atulutse liwu limodzi lokha la kunyumba pamaso pa alendo, avala fupa mpaka chaka chithe, ndipo sukulu yonse idzam'lirira pa mzere wa m'mawa."

M'mawa mwake, akumwa tiyi, mayi a Dona anayesanso.

"Lero lokha, m'vuleni. Alendo akaliona muwauza kuti chiyani?"

"Alilowetse m'kati mwa diresi. Sililankhula."

Wailesi analilowetsa. Mayi aang'ono ake anam'konzera kolala, nam'sisita patsaya. Yunifolomu yatsopano ija inam'khala bwino.

Alendo anafika atatu pa galimoto yoyera, abambo awiri ndi mayi mmodzi wa magalasi. Anawapatsa mipando pambali pa bolodi. Ana anaimirira, napereka moni ndi mawu amodzi, nakhala pansi. Aphunzitsi anatulutsa mpira wawo wa mapepala okulunga ndi zingwe, nakweza chithunzi choyamba.

Phunziro linayenda ngati madzi otsetsereka. Mpira unkauluka, mawu ankatuluka kuwerenga kusanafike pa thuu. Nkhuku, mpando, mtengo, ambulera. Alendo anayamba kumwetulira. Mmodzi anapempha mpira, nauponya yekha, ndipo Dona anauwakha n'kupanga chiganizo chathunthu. Ana akutsogolo anaomba m'manja katatu monga anaphunzitsidwira.

Ndi pamenepo pamene aphunzitsi anaona dzanja kumbuyo kwa kalasi. Linali la Wailesi. Chiyambireni teremu mwanayo anali asanakwezepo dzanja. Anaganiza kuti akam'loza, aima, akhala duu, kalasi iwerenga mpaka faifi pamaso pa alendo. Anayang'ana kumbali, naponyera mpira mnyamata wa kutsogolo.

Atatha masewera a mpira, mayi wa magalasi anapempha kuti aonenso ena aja oyerekeza ndi manja. Aphunzitsi anavomera mokondwa. Potembenuka kuchokera pa bolodi, analionanso dzanja lija. Tsopano Wailesi anali atalichirikiza pa chigongono ndi dzanja linalo. Nkhope yake inkanyezimira thukuta. Ana awiri amene anakhala naye pafupi anali atasendera kutali, maso ali pa aphunzitsi, milomo atailuma.

"Uyo wakumbuyoyo wakweza dzanja kwa nthawi," mayi wa magalasi anatero m'Chingelezi.

"Ameneyo ndi wamanyazi, madamu. Akadali m'mbuyo pang'ono. Timuthandiza payekha."

Mayiyo analemba kenakake m'buku lake. Masewera anapitirira.

Kachitatu, dzanja linali litatsika mpaka pa khutu, zala zitapindika. Kenaka aphunzitsi sanalionenso, ndipo mtima wawo unakhala pansi.

Belu litalira, alendo anaimirira n'kuwagwira chanza aphunzitsi ndi manja awiri. Ana anaimirira kutsanzikana nawo. Kumbuyo mwana mmodzi sanaimirire. Anali atatsamira chinsalu chija, mutu uli pa phewa.

Alendo atangoponda pakhonde, kamtsikana kamene kanakhala pafupi ndi Wailesi kanabwera kutsogolo. Kanapempha m'Chingelezi chothyokathyoka chilolezo choti kalankhule chilankhulo cha kunyumba.

"Lankhula."

"Yamuluma njoka. Inatuluka m'madesikimo. Kalekale, muja munkakweza chithunzi cha ambulera."

Wailesi anam'nyamula pa galimoto ya alendo ija. Chipatala chaching'ono chinali kutsidya kwa mlatho, ndipo msewu unali wa mabampu. Aphunzitsi anam'fungata kumpando wakumbuyo. Pa kakolo panali timabala tiwiri tating'ono, tosatupa kwenikweni, koma zikope zinkagwa ndipo malovu ankatsika pa kolala. Ankamuitana, poyamba m'Chingelezi mwachizolowezi, kenaka m'chilankhulo chawo.

Namwino anam'goneka pa bedi, namasula mabatani kuti apume bwino. Anapeza chingwe, nachikoka, fupa n'kutuluka.

"Mwayamba mwapita naye kwa asing'anga?"

"Ayi."

"Nanga ichi?"

Namwino anadula chingwecho ndi sizasi, naponya fupa m'ndowa ya zinyalala.

"Yamuluma nthawi yanji?"

"Lakwana ola. Mwina kupitirira."

"Ola lathunthu? Analibe munthu pafupi?"

"Tinalipo anthu oposa makumi asanu ndi limodzi."

Namwino anawayang'ana, koma analibe nthawi yofunsa zambiri. Anati mankhwala a njoka yotere ali ku chipatala chachikulu, ndipo anathamanga kukaimba foni. Mayi a Dona anafika pa njinga ya woyandikana naye, ulusi ukadali pa zovala. Anagwada pambali pa bedi n'kugwira nkhope ya mwanayo.

"Ndabwera, mwana wanga. Bwanji sunakuwe?"

Wailesi anatsegula maso pang'ono. Lilime linali litalemera, moti mayiwo anachita kuika khutu pakamwa pake.

"Ndinaliiwala liwu lake, mayi aang'ono. Tinaphunzira sabata yatha."

Anamwalira m'galimoto, atangodutsa theka la ulendo wa ku chipatala chachikulu, dzuwa likadali pamutu.

Anamuika m'manda Loweruka. Amake, amene anafika kuchokera kutauni ndi kachikwama kamodzi, sanalankhule ndi mlamu wawo masiku onse a maliro. Anthu atabalalika, m'mawa wa tsiku loti abwerere, anawapeza aphunzitsi atakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba. Anakhala pansi patsogolo pawo, nayala manja pa maondo. Anali manja osweka ndi sopo.

"Alamu, sindinabwere kudzakangana. Mng'ono wanga wandiuza zonse, ndipo kamtsikana kaja kandiuzanso. Ndili ndi funso limodzi."

"Funsani, alamu."

"Njoka m'Chingelezi amati chiyani?"

"Snake," aphunzitsi anatero.

"Bwerezani."

Anabwereza.

"Basi? Lathera pomwepo?"

"Lathera pomwepo."

"Kafupi chonchi." Mayiyo anayesa kulitchula, nalakwitsa, nayesanso. "Ine ndimayesa ndi liwu lalitali. Kutauni galu wa abwana anga amamva Chingelezi, alamu. Akamuuza khala pansi, amakhala. Koma akapondedwa mchira amalira chigalu, ndipo palibe amam'letsa."

Anaimirira, nasasa fumbi, napita kukadikira basi. Yunifolomu ija anaitenga.

Ahedi anawapatsa aphunzitsi masabata awiri opuma. M'nyumba munalowa bata loipa. Makina osokera anaphimbidwa. Mayi a Dona ankatulutsa mbale zinayi, n'kubweza imodzi. Ndi amuna awo ankangolankhula zofunika: madzi ali kubafa, chakudya chili patebulo.

Aphunzitsi anayamba kuliona dzanja lija. Sankaliona kutulo ayi, koma masana, dzuwa likuwala. Akamayenda m'njira ya kumunda, linkaoneka pamwamba pa udzu, litachirikizidwa pa chigongono. Kumsika, munthu akakweza dzanja kuitana mnzake, ankaima n'kucheuka. Tsiku lina anaima pabwalo nthawi yaitali akuyang'ana malaya a Dona pa chingwe, mkono umodzi utakodwa m'mwamba ndi mphepo, mpaka akazi awo anatuluka n'kuwaanula asanaume. Zimene ankaona sanauze munthu. Ankangobwereza mumtima kuti akanangoloza, akanangonena liwu limodzi loti inde.

Dona naye anasiya kudya. Nsapato zake zinachita fumbi pakhomo. Anakana kugona m'chipinda chawo chija, nasamutsira mphasa yake pabalaza.

Sabata yachiwiri ikutha, ahedi anabwera ndi envulopu. Anakhala pampando wa alendo, napepesanso, kenaka anaitsegula.

"Ndabwera ndi nkhani yoti ikupepuzeni mtima. A ku ofesi alemba. Za mwana uja akuti ndi ngozi, ndipo atiuza tiwotche madesiki othyoka, tawotcha kale. Koma phunziro lanu alitamanda kwambiri. Akufuna mwezi wamawa mukaphunzitse aphunzitsi a masukulu khumi ndi awiri masewera amenewa."

"Za fupa akudziwa?" anafunsa mayi a Dona ali chiimire pakhomo la kukhitchini.

"Mayi, za fupa sizinalembedwe paliponse, ndipo palibe chifukwa chozilembera. Njoka siidziwa Chingelezi. Ikanaluma mwana aliyense, m'kalasi iliyonse. Madzi akatayika saoleka."

"Ikanaluma wa kalasi ina, akanakuwa."

"Aphunzitsi ena atatu ayamba kale njira yomweyi m'makalasi mwawo, ndipo makolo sakudandaula. Tisaphe munda wonse chifukwa cha phesi limodzi."

"Phesi," mayiwo anatero. "Mwamva, bambo a Dona? Phesi."

Ahedi anaona kuti mawu awaterera. Anasiya kalatayo patebulo, natsanzika.

"Mupita?" mayi a Dona anafunsa.

"Sindikudziwa."

"Pitani. Ine ndikusitirani malaya. Koma mukaime pamaso pa aphunzitsi a masukulu khumi ndi awiriwo, mukawauze kuti dzanja munaliona kangati."

"Ndani wakuuzani kuti ndinaliona?"

"Nkhope yanu. Kangati?"

Aphunzitsi anayang'ana kalata ija.

"Katatu. Mlendo anachita kundilozera. Ndinati ndi wamanyazi."

Aka kanali koyamba kuzinena. Akazi awo anakhala pansi pomwe anaimapo, natsamira chitseko.

"Ndinakuuzani. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nkhwangwa yake yagwera mwana wa eni. Mkulu wanga ndidzamuyang'ana bwanji moyo wanga wonse? Nanenso ndili momwemo. M'malo modula chingwe, ndinachisokera kansalu kuti chisamupweteke."

"Ndine ndinamuveka."

Onse awiri anatembenuka. Dona anali pa mphasa yake pakona, atakumbatira maondo. Makolo ake ankayesa wagona.

"Tsiku loyamba lija. Linali m'khosi mwanga, belu litatsala pang'ono kulira. Ndinkaopa kuti mwana wa aphunzitsi andilirira ngati mbuzi. Tikutuluka ku masewera, ndinaika phazi langa dala patsogolo pake. Anandiponda. Anati pepa. Ndinamuveka chifukwa cha pepa."

Amake anakwawa n'kukam'fungata. Mwanayo sanalire mokweza, ankangogwedezeka.

"Tikupita kunyumba sanandifunse. Anandinyamulira chikwama. Ababa, pa tsiku la alendo ndinacheuka kamodzi. Ndinaona kuti sali bwino. Ndinaganiza zokuuzani, koma chiganizo chake sindinachipeze msanga, ndiye mpira unabwera."

Aphunzitsi anaimirira kuti apite kwa mwana wawo, koma Dona anabisa nkhope pa chifuwa cha amake. Abambowo anaima pakati pa balaza, manja ali lende.

Lolemba aphunzitsi anavala malaya osasita, natenga kalata ija. Anapita molunjika ku ofesi ya ahedi, naiika patebulo.

"Sindipita. Ndipo ndalemba yanga, ndaitumiza kale ku ofesi. Muli zonse, fupa, zimbudzi, ndi zimene ndinayankha mlendo uja."

"Mwadziwotcha nokha, aphunzitsi. Mwawotchanso sukulu. Mukudziwa kuti ntchito ikhoza kutha?"

"Ndikudziwa. Uzani anzanga atatu aja achotse mafupa awo lero, asanafunsidwe."

Anatuluka ahedi akulankhulabe. Belu linali litalira kale. Panja pa kalasi yachisanu panali zii, pamene makalasi ena onse ankasokosera. Analowa. Kumbuyo kunali kopanda kanthu, khoma litapakidwa laimu watsopano, ndipo ana onse anali atapanikizana kutsogolo, palibe amene anafuna kukhala kumeneko. Dona anali pakati pawo, tsiku lake loyamba kubwerera.

Ana anaimirira.

Aphunzitsi sanapite pa bolodi. Anakhala pamphepete pa tebulo, nayang'ana nkhope zija imodziimodzi. Kenaka, koyamba chiyambireni chaka, analankhula nawo m'chilankhulo cha kunyumba.

"Mwadzuka bwanji, ana anga?"

Ana anayang'anizana. Wina anasuzumira m'thumba la malaya a aphunzitsi, wina pansi pa tebulo. Kenaka onse pamodzi, ndi mawu amodzi, anayankha.

"We are very well, thank you, teacher."

"Ayi, si mayeso. Si msampha. Masewera aja a chilango atha, sadzabweranso. Chingelezi tiphunzira, mpira tiponya, koma amene chamupweteka anene mmene anganenere. Ndinakulakwirani, ndinam'lakwira mnzanu. Ndikufuna mundiyankhe ngati mmene mumayankhira amayi anu kunyumba. Chonde. Mwadzuka bwanji?"

Kunja mwana wa kalasi ina ankaseka, akuthamangitsana ndi mnzake. Kamtsikana kaja kamene kanakhala pafupi ndi Wailesi kanatsegula pakamwa, kanayang'ana anzake kumanzere ndi kumanja, n'kutsekanso. Aliyense ankadikira kuti ayambe ndi wina.

Mnyamata wa kutsogolo, poganiza kuti mwina aphunzitsi sanamve bwino, anapereka chizindikiro ndi mutu. Ana makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zinayi anakoka mpweya, naimika mapewa, nayankhanso chimodzimodzi, mokweza kuposa poyamba.